Kuŵerenga Mokweza: Za Jeeves ndi Bwana Wake

Anyamata athu amapita pa Nsaru kapena pa Namitete kukaikitsa nyimbo m'mafoni ao. Ambiri sadziŵa kuti foni yomweyo ingathe kusunga buku lathunthu, loŵerengedwa mokweza ndi munthu wodziŵa ntchitoyo. Mwezi uno tifuna kukamba za mabuku ena otere a Chingerezi, pakuti pali kanthu kamene ife aphunzitsi ndi makolo tingatolepo.

Mlembi wake ndi P. G. Wodehouse wa ku England, amene anabadwa m'chaka cha 1881 namwalira mu 1975. Iye analemba nkhani zazifupi 35 ndi mabuku aatali 11 onena za anthu aŵiri: Bertie Wooster, mnyamata wachuma wa mu London, wamtima wabwino koma wanzeru zopereŵera, ndi Jeeves, wantchito wake womsamalira zovala. Bwana akagwa m'mavuto, kaŵirikaŵiri chifukwa cha azakhali ake kapena chitomero chimene sanachifune, womuwonjola amakhala wantchito uja. Malipiro ake ndi akuti bwana ataye chovala china chimene Jeeves wakhala akunyansidwa nacho mwakachetechete. Kwa ife Acheŵa zotere si zachilendo. M'nthano zathu Kalulu amaposa Njovu nzeru, ndipo pabwalo la milandu nduna yochenjera imawongola mau a mfumu popanda kuichititsa manyazi.

Tsono vuto la woŵerenga lili apa. Pafupifupi nkhani zonsezi amazisimba ndi Bertie mwini wake, ndipo iye sazindikira kuti wosekedwayo ndi iyeyo. Woŵerenga akayamba kuseka, kapena akapotoza mau kuti amveke ngati chitsiru, nthabwala yafera pomwepo. Ayenera kulankhula monga munthu wokhulupirira ndithu kuti nzeru zake nzakuya. Jeeves naye safuula konse. Mau ake ndi ofatsa ndi aulemu, koma kuvomera kwake kwina kumatanthauza kukana, ndipo womvera amazindikira zimenezi chifukwa cha kakupuma kakang'ono kamene woŵerenga waika asanatchule liu. Jonathan Cecil, amene anamwalira mu 2011, ndi Martin Jarvis anatchuka ndi luso limeneli. Inu amene munaonerako Izeki ndi Jakobo, malemu John Nyanga ndi Eric Mabedi, mukudziŵa kuti nthabwala imakoma mwini wake akakhala ngati sakuimva.

Makolo adziŵiretu kuti moŵa ulimo m'mabukuŵa. Mu "Right Ho, Jeeves", la mu 1934, mlendo wolemekezeka akupereka mphotho kwa ana a sukulu ali chiledzerere. Ife amene takhalapo pa mwambo wotseka sukulu tinaseka mpaka misozi, ngakhale munthu wotere sitingamuitane pa Kabudula.

Chimene chikutidetsa nkhaŵa ndi ichi. M'makalasi mwathu ana ambiri amaŵerenga liu limodzilimodzi ngati akuŵerengera matumba a chimanga. Sapuma pa mpumiro, funso salikweza, ndipo akafika kumapeto kwa ndime sadziŵa kuti wolankhula anali yani. Mwana wotere akafika pa mayeso a Sitandade 8, amene mapepala ake ambiri ali m'Chingerezi, amagwa, ngakhale mau onse akuwadziŵa. Khutu lake silinamvepo chiganizo chikuyenda bwino.

Chingerezi cha Wodehouse nchovuta kwa mwana wa pulayimale, koma wa sekondale angathe kuchitsata ngati buku lili m'manja pamene akumvetsera. "My Man Jeeves", la mu 1919, likupezeka kwaulere pa LibriVox, kumene anthu odzipereka amaŵerenga mabuku akale. Kwa aang'ono tiyambire pafupi. Tili ndi "Nthondo" la Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa ku Nkhoma, lotuluka mu 1933, ndiponso "Sikusinja ndi Gwenembe" la John Gwengwe. Madzulo, nsima itatha, mwana mmodzi aŵerengere agogo ake amene maso ayamba kuchita chidima, masamba aŵiri okha. Agogowo akafunsa kuti, "Wanena zimenezo ndani?" abwerezenso ndimeyo.