Katundu wabwino sadzilankhulira yekha

Ife okhala m'mbali mwa nyanja sitisowa wotiphunzitsa kugwira ntchito. Pa doko la Msaka, la Malembo, la Makanjira kapena la Senga Bay, amayi amakhala atafika kale dzuwa lisanatuluke kudikira mabwato. Amagula usipa, amaufutsa, amauyanika pathandala, kenako n'kuulongedza. Ku Lifuwu ndi ku Nkhotakota alimi amalowa m'matope kuwokera mpunga. Pa Mangochi, pa Namwera ndi pa Salima atelala amachezera pamakina mwezi wa Ramadan ukamapita kumapeto, kuti ana avale zatsopano pa Eid. Chimene chimatiperewera ambirife ndi pakamwa. Tikafunsidwa kuti tifotokoze za katundu wathu kwa munthu wachilendo, kaya pawailesi kaya pafoni, timazyolika, mawu n'kuthawa, ndipo wogula amapita kwa wina.

Manyazi amenewa amatidyera ndalama. Usipa wa padoko ukafika mumsika wa Limbe kapena wa Lilongwe umagulitsidwa pamtengo wokwera kwambiri. Gawo lina la kusiyanako ndi la thiransipoti, ziphaso zamumsika ndi nsomba zimene zimaonongeka panjira, ndipo limenelo palibe angalitsutse. Koma gawo lina ndi malipiro a munthu amene amadziwa ogula, ali ndi manambala awo a foni, ndipo amatha kuwauza molimba mtima kuti katundu wafika. Amene anafutsa nsombayo sadziwika ngakhale dzina. Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kudzachepetsedwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, mpamba wa anthu ambiri unafota. Ulusi, mchere, mafuta ophikira ndi mafuta a injini ya boti zonse zinakwera. Pa nthawi ngati ino, wogula mmodzi amene watiphonya chifukwa sanamve za ife angathe kukhala fizi ya mwana ya teremu yonse. Akuluakulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Tiyenera kumvetsetsana kaye kuti kudzikhulupirira n'chiyani. Alipo anthu olankhula pamisonkhano amene amatiuza kuti tikangolota zazikulu, zonse zitheka. Mawu otere amatenthetsa mtima tsiku limodzi, mawa lake munthu ali pomwe paja. Kudzikhulupirira kwa munthu wabizinesi kumachokera pa zinthu ziwiri zimene angathe kuzigwira ndi manja: kudziwa katundu wake ndi kudziwa masamu ake. Mayi amene walemba m'kope ndalama zimene wagulira nsomba, nkhuni, mchere, thumba ndi ulendo, amadziwa mtengo umene akautsikira wayamba kudya mpamba. Wogula akamunenerera, mayiyo amayankha modekha chifukwa akudziwa pamene pali malire. Amene sanalembe amatchula mtengo mongoyerekeza, ndipo wogula akangokwinya nkhope, iye amatsitsa. Choncho kope ndi cholembera ndiye chiyambi cha kulimba mtima pamalonda.

Ena mwa ife amakayika pachifukwa chomveka. Tinaleredwa kuti kudzitama n'koipa, ndipo chipembedzo chathu chimatichenjeza za kudzikweza ndi kuchita zinthu modzionetsera. Ndiye munthu amadzifunsa kuti, kodi ndikamaima pawailesi kunena kuti mpunga wanga ndi wabwino, sindikudzitamanda? Funsoli n'laulemu, koma likusakaniza zinthu ziwiri zosiyana. Wodzitama amakamba za iye mwini kuti anthu amugomere. Wotsatsa malonda moona amakamba za katundu kuti wogula asankhe akudziwa chimene akugula. Kunena kuti mpungawu ndi Kilombero wa chaka chino, wopetedwa bwino, wopanda miyala, ndiye kuchitira umboni zimene zili m'thumba. Tikumbukire kuti Mayi Khadija, Allah asangalale nawo, anali wamalonda wodziwika mu Makka, ndipo analemba ntchito Mtumiki Muhammad, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, kuti akawagulitsire katundu ku Sham chifukwa cha mbiri yake ya kukhulupirika. Mbiri yabwino pamalonda ndi chuma chovomerezeka, ndipo siimveka ngati palibe woinena.

Chopinga china ndi chilankhulo. Ambiri a ife tinayamwa Chiyao, ndipo pali ena amene amaopa kuti akalankhula Chichewa pagulu asekedwa kalankhulidwe, kapena kuti popanda Chingerezi sangaoneke ngati munthu wabizinesi weniweni. Maganizo amenewa tiwataye. Boma la Mangochi lokha, malinga ndi kalembera wa 2018, lili ndi anthu oposa miliyoni imodzi, ndipo ochuluka mwa iwo amagula ndi kunenerera m'Chiyao ndi m'Chichewa. Wogula amakhulupirira mawu amene akumveka ngati a kwawo. Wogulitsa nsomba akamalankhula ngati munthu wa kunyanja, wogula wa ku Blantyre amadziwa kuti nsombayo yachokeradi kunyanja. Tilankhule chilankhulo chimene tikachilankhula sitipunthwa.

Luso lolankhula pawailesi limaphunziridwa monga mmene munthu amaphunzirira kupalasa bwato. Mawailesi tili nawo pafupi: Dzimwe ku Mangochi, wailesi ya m'dera ya Nkhotakota, Radio Islam, kuphatikizapo MBC ndi Zodiak zimene zimamveka dziko lonse. Mpata umene munthu amapatsidwa nthawi zambiri ndi wa mphindi imodzi kapena ziwiri, ndipo ambiri timauthera pa malonje ndi kupereka moni kwa abale. Tisanapite, tikonzeretu mayankho a mafunso anayi: tikugulitsa chiyani, chikusiyana bwanji ndi cha ena, mtengo wake ndi wotani, ndipo tikupezeka pati. Malo tiwatchule ndi chizindikiro chimene aliyense akuchidziwa, monga pafupi ndi mzikiti waukulu kapena moyang'anizana ndi depoti. Nambala ya foni tiinene kawiri, pang'onopang'ono, pokumbukira kuti womvera mwina ali pamoto ndipo akufunafuna cholembera. Womvera saona katunduyo, choncho mawu oti “zabwino kwambiri” samuuza kanthu. Tinene chinthu chimene angachione m'maganizo: usipa woyanikidwa pathandala, wopanda mchenga, diresi losokedwa m'masiku atatu, uchi wosasakaniza ndi shuga.

Njira yokonzekera ndi yosafuna ndalama. Foni zambiri zili ndi pojambulira mawu. Munthu ajambule zimene akufuna kukanena, amvetsere, aone pamene akuthamanga ndi pamene akubwereza, kenako ajambulenso. Akachita zimenezi kasanu, mawu amakhazikika. Mantha sathera pomwepo, koma amachepa, ndipo ngakhale aulutsi amene timawasirira anayamba ndi mawu onjenjemera. Mtolankhani akabwera padoko kapena pamsika kudzafunsa za mitengo, tisathawire kuseri kwa benchi. Tifunse dzina lake ndi kumene akuchokera, tiyankhe zimene tikuzidziwa, zimene sitikuzidziwa tinene kuti sitikudziwa, ndipo tisaiwale kutchula dzina la bizinesi yathu ndi malo ake. Tikasiya kuti ena azitilankhulira nthawi zonse, nkhani yathu idzafika kwa anthu itapotoka, paja kandimverere anakanena za m'maluwa.

Masiku ano msika wina uli m'manja mwathu, pa WhatsApp ndi pa Facebook. Apa chithunzi ndicho chimayamba kulankhula. Katundu ajambulidwe panja m'mawa kapena chakumadzulo, pamene dzuwa silikuwala mothobwa m'maso, ataikidwa pamkeka woyera kapena m'lichero latsopano, kumbuyo kopanda zinyalala. Tipukute kagalasi ka kamera tisanajambule. Pambali pa nsomba tiike chinthu chodziwika kukula kwake, monga mbale kapena dzanja, kuti wogula asadzanene kuti tinamunamiza. Mtengo tiulembe poyera. Chizolowezi choyankha aliyense kuti “bwerani kumbali” chimatopetsa ogula ndipo chimawapatsa maganizo oti mtengo umasintha poona nkhope. Chithunzi cha pa status ya WhatsApp chimachoka pakatha maola 24, choncho amene amaika kamodzi pamwezi amaiwalika. Kwa amene kulemba kumawavuta, uthenga wamawu waufupi umagwira ntchito yomweyo. Tisaiwalenso abale athu ambiri amene ali ku Johannesburg, ku Durban ndi ku Cape Town. Iwo amatumiza ndalama kumudzi kuti makolo agulidwe mpunga, ana asokeredwe yunifolomu, nyumba ikhomedwe malata. Amafuna munthu wokhulupirika amene angamuone pafoni ndi kumulipira mwachindunji.

Kwa amayi ndi alongo athu amene safuna kuonetsa nkhope zawo pagulu, komanso kwa amuna awo amene amada nkhawa ndi zimenezi, yankho lilipo. Palibe lamulo loti wotsatsa malonda aonetse nkhope. Chithunzi cha katundu, manja akugwira ntchito, dzina la bizinesi ndi mawu omveka bwino n'zokwanira. Banja likhoza kugwirizana kuti pakhale nambala ya bizinesi yosiyana ndi ya pakhomo, komanso maola oyankhira mafoni. Chimene sitiyenera kulola n'chakuti mayi waluso pa kusoka kapena kuphika atsekeredwe mwayi wopeza ogula, pomwe phindu lake likanathandiza nyumba yonse.

Luso lolankhula lili ndi ngozi yake, ndipo tiinene mosabisa. Pakamwa pokoma pangathe kugulitsa katundu woipa, koma kamodzi kokha. Kuika nsomba zazikulu pamwamba zazing'ono pansi, kutenga chithunzi cha diresi la wina n'kumati tasoka ndife, kubudula chigoba choyezera kapena kusokoneza sikelo, zonsezi ndi chinyengo pamaso pa Mulungu ndi pamaso pa malamulo a dziko. Bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo okhudza kutsatsa malonda monama, ndipo Malawi Bureau of Standards ndi imene imayang'anira masikelo ndi ubwino wa zakudya zopakidwa. Amene akulakalaka kuti ufa wake, uchi wake kapena nsomba zake zidzalowe m'masitolo akuluakulu ayambe msanga kufunsa za chiphaso cha bungweli. Ngati katundu ali ndi chilema, tichinene tokha wogula asanachione. Wogula akadandaula pagulu, timuyankhe mwaulemu ndi kukonza cholakwikacho, chifukwa anthu ena mazana akuwerenga yankho lathu mwakachetechete ndipo akutiyeza nalo.

Tisamalenso ndi akuba amene amabwera ndi kutchuka. Alipo amene amatumiza uthenga wabodza wooneka ngati wa Airtel Money kapena wa TNM Mpamba, n'kumati alipira kapena atumiza ndalama molakwitsa. Katundu asachoke tisanaone tokha kuti ndalama zalowadi mu akaunti, ndipo nambala yachinsinsi isaperekedwe kwa aliyense, ngakhale wonena kuti akuimba kuchokera kukampani ya foni. Tionetse katundu, koma mitolo ya ndalama ndi za m'nyumba mwathu zikhale zathu.

Wina anganene kuti zonsezi ndi mawu chabe, pomwe mavuto enieni ndi misewu yokumbika, kusowa kwa mafuta, kukwera mtengo kwa mabandulo a intaneti, ngongole zachiwongoladzanja zimene ambiri a ife sitingazitenge, ndi nsomba zimene zikuchepa m'nyanja ya Malawi ndi ya Malombe. Akunena zoona, ndipo kulankhula bwino sikungakonze msewu wa ku Makanjira. Komabe mwa zinthu zonse zimene zimapanga phindu, mawu athu ndi amene ali m'manja mwathu lero, osadikira bajeti ya boma. Ndiponso anthu amene aphunzira kufotokoza za katundu wawo momveka ndi omwewo amene amatha kuima pamaso pa khansala, phungu kapena akuluakulu a khonsolo n'kufotokoza za msewu, shedi ya pamsika ndi zimbudzi za padoko. Nsomba zikamachepa, m'pamene pafunika kuti zochepazo zigulitsidwe pamtengo woyenera thukuta lake.

Ntchitoyi tiiyambire m'nyumba. Mwana amene amadzudzulidwa nthawi iliyonse akatsegula pakamwa pamaso pa akuluakulu amakula akuopa mawu ake omwe. Ulemu tiuphunzitse ndithu, koma timupatsenso mpata woti afotokoze maganizo ake mpaka kumapeto. Achinyamata amene amadziwa za foni athandize makolo kujambula ndi kuyankha ogula, ndipo makolo awaonetse kope la masamu kuti adziwe kumene phindu limachokera. Magulu a amayi, makopaletivu ndi makomiti a m'madoko angathe kupatula mphindi khumi pamsonkhano uliwonse kuti membala mmodzi aime, afotokoze malonda ake, anzake amuwongolere mwachikondi. Mawailesi a m'madera athu nawo aganizire zopereka mpata wotsika mtengo kwa amalonda ang'onoang'ono, makamaka pokonzekera Ramadan ndi Eid pamene malonda amayenda.

Ambiri a ife tili ndi maloto osadzionetsera: kugula makina achiwiri osokera, kukhala ndi firiji yosungira nsomba, kumanga kagolosale ka njerwa zootcha, kuphunzitsa mwana mpaka ku koleji. Rizki amapereka ndi Allah, ndipo ife tinalamulidwa kuyenda ndi kulifunafuna m'njira zovomerezeka. Kuuza anthu zoona za ntchito ya manja athu ndi imodzi mwa njirazo. Sabata ino, aliyense wa ife amene ali ndi kabizinesi alembe mayankho a mafunso anayi aja, awanene mokweza pamaso pa a m'banja lake, kenako akawanene kwa wogula mmodzi amene sanamugulitsepo.