Dzino lidazulidwa, ululu udatsala

Azakhali anga a kwa Chigaru adazulitsa mano awiri chifukwa cha ululu wa patsaya lakumanja. Ululuwo umabwera ngati mphezi akamatafuna, akamatsuka m'kamwa, ngakhale mphepo ikangowaomba kumaso. Mano atapita ululu udatsala, ndiye achibale adati vuto ndi khosi, poti akhala akusenza zidebe ndi nkhuni kuyambira ali mtsikana. Adayamba kupita kwa bambo wina wotikita amene amapotokola khosi mpaka kumveka "khwa!"

Achibalewo sadaphonyeretu. Chidebe cha malita 20 ndi makilogalamu 20 pamutu, ndipo nkhata sichepetsa kulemerako. Mitsempha ya kumtunda kwa khosi imakumana ndi mtsempha waukulu wa kumaso wotchedwa trigeminal, umene uli ndi nthambi zitatu: ya pachipumi, ya patsaya ndi ya kunsagwada. N'chifukwa chake khosi louma limatha kupweteketsa mutu ndi nkhope. Ululu wotere umakhala wonyong'onya, umakula ukatembenuza khosi, ndipo kuthowa, kutikita mofatsa ndi mafizo zimathandiza.

Koma ululu wa ngati mphezi, wa timasekondi tochepa, ndi matenda ena, trigeminal neuralgia. Kawirikawiri amayamba mtsempha wa magazi ukamapanikiza mtsempha uja mkati mwa mutu, komwe dzanja silifika. Mankhwala oyambira ndi carbamazepine, omwe amaperekedwanso kwa odwala khunyu. Azakhali adapeza mpumulo atayamba kumwa amenewa. Kupotokola khosi mwamphamvu sikukadawachiza, ndipo nthawi zina, ngakhale si kawirikawiri, kumang'amba mtsempha wa magazi munthu n'kuchita sitiroko.

Ena amati: "Kutauni n'kutali, wotikita ali pakhomo." N'zoona, ndipo ndalama ya minibasi yochokera pa Lirangwe kukafika ku Queens si yamasewera. Koma werengerani mano awiri, miyezi ya kusagona ndi ndalama zimene wotikita adalandira.

Ife ophunzira ndi amene kumudzi amatiimbira foni kufunsa nzeru. Tisathamangire kunena kuti "kazulitseni" kapena "katikititseni". Tifunse kuti ululu ukubwera bwanji, ndipo tiwaperekeze kuchipatala cha pafupi, ngati cha Lirangwe kapena Chileka, akapimidwe kaye. Nkhope ikapotoka kapena dzanja likalefuka, ulendo ndi wa tsiku lomwelo.

Ndipo inu anzanga ophunzira mafizo ku KUHeS, amayi osenza zidebe kwa Chigaru akufunika manja anu ophunzitsidwa, osati ku Ginnery Corner kokha.