Mkangano wa Okonda Sitima za Malasha Si Chibwana

Pa 11 Ogasiti 1968 bungwe la British Railways lidayendetsa komaliza sitima ya anthu yokokedwa ndi injini ya malasha pa njanji zake zikuluzikulu. Dizilo ndi magetsi zidalowa m'malo, ndipo ambiri adayesa kuti nkhani ya malasha yathera pomwepo. Koma mpaka lero zina mwa injini zakalezo zikuyendabe ku Britain, ndipo anthu ozikonda sadasiye kukangana kuti yamphamvu ndi iti, yaliwiro ndi iti, yodya malasha ochepa ndi iti. Alipo ena amene amati ichi ndi chibwana cha madoda osowa chochita. Ine ndikutsutsana nawo. Maganizo anga ndi akuti mkangano umenewu ndiwo wasunga injinizi zili zamoyo, pamodzi ndi luso loziyendetsa. Pakadapanda iwo, bwenzi zambiri zili zitsulo zozizira zongojambulitsirapo zithunzi.

Kuti timvetse chimene anthuwa amakanganirana, tiyambe taona mmene injini yotere imagwirira ntchito. Malasha amayaka m'ng'anjo, ndipo kutentha kwake kumadutsa m'mapaipi ambirimbiri amene ali m'kati mwa boyila yodzaza madzi. Madziwo akawira, nthunzi yake imakankha mapisitoni, ndipo mapisitoniwo amazunguza mawilo kudzera m'mikono yachitsulo. Nthunzi ikatha ntchito imatulukira kuchumuni mwamphamvu, n'kumakoka mpweya kudzera m'ng'anjo muja, motero injini ikamalimbika moto nawo umakolera. Woyendetsa wodziwa ntchito salowetsa nthunzi yochuluka nthawi zonse. Sitima ikagwira liwiro iye amaidula msanga kuti yochepa yomwe yalowayo ifufume yokha n'kukankha pisitoni. Mnzake wosonkhezera moto amaponya malasha ndi fosholo pamalo pamene moto wapyapyala, diso lili pa mlingo wa madzi, chifukwa madzi akatsika mpaka denga la ng'anjo kuonekera, ngozi yake ndi yoopsa. Choncho injini imodzi yomweyo imayenda mosiyana malinga ndi manja amene aigwira, mtundu wa malasha ndi nyengo ya tsikulo. Apa ndiye pagona mkangano wonse.

Mfundo yanga yoyamba ndi yakuti mkangano wotere udayamba kale ndipo udabala zipatso zooneka. Mu 1924, pa chionetsero cha ku Wembley mu London, kampani ya Great Western Railway idaimika injini yake, Caerphilly Castle, pafupi ndi Flying Scotsman ya kampani ya LNER, n'kulengeza kuti yawoyo, ngakhale idali yocheperako thupi, ndiyo idali yamphamvu. Mawu okha sakadathetsa nkhaniyo, ndiye mu 1925 makampani awiriwa adabwerekana injini. Pendennis Castle ya Great Western idakakoka sitima zochokera ku King's Cross, pa njanji ya eni ake, ndipo idasunga nthawi bwino uku ikudya malasha ochepa kuposa injini za LNER. Nigel Gresley, mmisiri wamkulu wa LNER, sadangopsa mtima n'kukhala chete. Patapita kanthawi adavomera kuti mavavu olowetsa nthunzi a injini zake akonzedwe, ndipo zidayamba kudya malasha ochepa. Wogonja adaphunzira kwa wopambana, ndipo patatha zaka 13 injini ya Gresley yemweyo ndiyo idakhazikitsa mbiri ya liwiro imene sidaphwanyidwebe.

Injiniyo ndi Mallard, imene pa 3 Julaye 1938 idafika mailosi 126 pa ola, kapena kuti makilomita 203, ikutsika mtsetse wa Stoke. Woyendetsa adali Joe Duddington, wosonkhezera moto adali Thomas Bray. Koma okonda sitima a ku Germany amakumbutsa kuti injini yawo, 05 002, idafika makilomita 200.4 pa ola mu Meyi 1936 pamalo athyathyathya, osathandizidwa ndi mtsetse, ndipo idabwerako yabwinobwino, pamene Mallard idatenthetsa bering'i yake yapakati mpaka kuichotsa pa sitimayo ku Peterborough. Akuluakulu adati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi, ndipo injini ziwirizi sizidayambire limodzi. Mkangano wina ngwa mailosi 100 pa ola. A Great Western amati City of Truro idafikako mu 1904, malinga ndi wotchi ya Charles Rous-Marten amene adali m'sitimamo. A LNER amayankha kuti wotchi ya munthu mmodzi si umboni wokwanira, ndipo ulemuwo amaupereka kwa Flying Scotsman imene idafikako mu 1934 ikukoka bogi ya makina oyezera liwiro. Chimene chimandisangalatsa ine n'chakuti mbali zonse zimatsutsana ndi manambala, masiku ndi mapepala. Munthu wolowa m'mkangano wotere amakakamizika kuwerenga ndi kufunsa kuti umboni wodalirika ndi wotani, zomwenso aphunzitsi athu amatiuza tsiku ndi tsiku.

Masiku ano injini zakalezi zikamayenda pa njanji zikuluzikulu za ku Britain, zambiri siziloledwa kupitirira mailosi 75 pa ola. Motero mpikisano udasamukira pa zitunda. Pali chitunda cha Shap, pamene njanji imakwera mita imodzi pa mamita 75 aliwonse kwa mtunda wa mailosi pafupifupi anayi, ndi cha Ais Gill pa njanji ya pakati pa Settle ndi Carlisle. Okonda sitima amakhala pazenera la bogi ndi wotchi ndi kope, n'kumawerenga zizindikiro za mtunda zimene zili m'mbali mwa njanji. Gawo limodzi mwa magawo anayi a mailo likatha m'masekondi 15, ndiye kuti sitima ikuyenda mailosi 60 pa ola. Likatha m'masekondi 9, ndiye mailosi 100. Ambiri tsopano amagwiritsa ntchito GPS, koma funso lidakali lomwe lija: yakoka mabogi angati, olemera bwanji, ndipo yafika pamwamba ndi liwiro lanji? Woyendetsa ndi wosonkhezera moto amadziwa kuti kumbuyo kwawo kuli anthu olemba, ndipo zolembazo zidzayerekezedwa ndi za anzawo. Palibe chikho kapena ndalama imene amalandira. Chimene amafuna ndi kumva mnzawo wa injini ina akuti, lero mwagwira ntchito.

Mfundo yachiwiri ndi yakuti mkanganowu uli ngati wa pachisuweni. Asuweni amanyozana pamaso pa anthu mpaka mlendo kudabwa, koma pamaliro ndiwo amayamba kufika ndi khasu. Flying Scotsman itapita ku Australia, mu 1989 adaikumaniza ku Perth ndi Pendennis Castle, imene idali m'dzikomo kuyambira 1977, ndipo anthu adakhamukira kukaona adani akale aja ali limodzi. Chikondi chokondera chomwechi ndicho chidapulumutsa injini 213 pabwalo la zitsulo zakutha la a Woodham ku Barry, ku Wales, kumene zidapita kuti zikaphwanyidwe. Magulu a anthu wamba adasonkha ndalama, lililonse kuwombola ya kumtima kwake, chifukwa palibe amene adafuna kuti injini za kwawo zithe pamene za anzawo zikupuma utsi. Ena adafika pomanga yatsopano. Injini zonse 49 za mtundu wa A1 wa Arthur Peppercorn zidali zitaphwanyidwa pofika 1966, ndiye mu 1990 gulu lina lidayamba kusonkha kangachepe, ndipo mu 2008 lidamaliza Tornado ku Darlington. Boyila yake adakapangitsa ku Meiningen, ku Germany, kwa anthu omwe aja amakangana nawo za Mallard. Mu Epulo 2017 Tornado idafika mailosi 100 pa ola pa ulendo woyeserera wa usiku. Mutu umodzi susenza denga, komanso anthu sasonkha ndalama kwa zaka 18 pa chinthu chimene sachinyadira.

Mfundo yachitatu ikukhudza ife ophunzira za zinenero. Tikudziwa kuti chinenero chikhoza kulembedwa mu mtanthauziramawu ndi m'mabuku a malamulo ake, komabe n'kufa ngati palibe ochiyankhula. Buku limasunga mawu, koma silisunga kamvekedwe, nthabwala ndi nzeru yodziwa poyenera kunena chakuti. Injini ya malasha ili chimodzimodzi. Mapulani ake akhoza kusungidwa, koma kudziwa kuti moto wafooka kumanzere pongoona mtundu wa utsi, kapena kumva ndi khutu kuti chitsulo china chayamba kugogoda, zimachoka kwa munthu kupita kwa munthu, pantchito pomwepo. Pa njanji zosungidwa ndi anthu odzipereka, monga ya Talyllyn ku Wales imene idayamba kuyendetsedwa motero mu 1951, wachinyamata amayamba ndi kupukuta injini, kenaka kusonkhezera moto, ndipo kuyendetsa kumabwera patatha zaka. Amene adafikako ku nyumba yosungiramo zinthu zakale ya ku Chichiri mu Blantyre adaona injini za malasha zitaimikidwa panja. Ndi bwino kuti zilipo, koma mwana woziona sangadziwe kulira kwake kapena thukuta la amene ankaziyendetsa. Zili ngati mawu a mu mtanthauziramawu. Injini imene ikukwera Shap anthu akuiwerengera masekondi ili ngati chinenero chimene anthu akukanganiramo pamsika, ndipo chinenero chokanganiramo sichinafe.

Komabe otsutsa ali ndi mfundo zofunika kuzimva. Yoyamba ndi yakuti ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika. Injini yakale ikasweka, zitsulo zake sizipezeka m'sitolo. Ngakhale Tornado, imene ndi yatsopano, idathyoka zitsulo zapakati mu 2018 ikuthamanga mailosi pafupifupi 90 pa ola itanyamula anthu. Ichi n'choona, ndipo n'chifukwa chake ndikugwirizana ndi malire a liwiro, komanso lamulo lakuti boyila iziphwasulidwa ndi kuunikidwa bwinobwino pakatha zaka pafupifupi khumi. Ndikuvomerezanso kuti Mallard, imene idayenda komaliza mu 1988, ipumule ku National Railway Museum ku York, poti injini zina za mtundu wake zidasungidwa ndi magulu oziyendetsa. Koma tionenso zimene zidachitikira Blue Peter ku Durham mu 1994. Mawilo ake adaterereka ponyamuka, madzi a m'boyila adalowa m'njira ya nthunzi, mawilowo adazungulira mopenga sitima isakuyenda, ndipo zitsulo zidathyoka, woyendetsa nayenso adavulala. Apa padalibe mpikisano uliwonse. Ngoziyo imationetsa kuti injini yotere imafuna manja oizolowera, ndipo manja sazolowera chinthu chongokhala m'nyumba. Mankhwala a ngozi ndi kuphunzitsa anthu ambiri, osati kuzimitsa moto.

Mfundo ina ya otsutsa ndi ya ndalama ndi utsi. Kukonza Flying Scotsman, imene National Railway Museum idagula mu 2004, kudatenga zaka khumi ndi mapaundi 4.2 miliyoni isanabwerere pa njanji mu 2016. Munthu akhoza kufunsa ngati ndalama zotere sizikadagwira ntchito ina. Funsoli ndi labwino, ngakhale kuti injini zambiri zimadalira zopereka za ozikonda ndi matikiti a okwera, ndipo munthu saletsedwa kuwonongera ndalama yake pa chimene amakonda. Za malasha, mgodi wa Ffos-y-fran ku Wales, umene njanji zambiri zoterezi zinkadalira, udatsekedwa mu 2023, ndipo tsopano amaitanitsa malasha kunja uku akuyesa mafuta ndi zoyaka zina. Apa mpamene mkangano wakale uja ukupezanso ntchito. Funso la mu 1925, lakuti ndani angakoke katundu yemweyo ndi malasha ochepa, ndilo lofunika kwambiri lero, ndipo wosonkhezera moto waluso satulutsa utsi wakuda chifukwa utsi wakuda ndi malasha otayika.

Pamene sindingawaikire kumbuyo okonda sitima ndi pamene chikondi chasanduka kusamvera. Pa ulendo woyamba wa Flying Scotsman itakonzedwa, mu Febuluwale 2016, anthu ena adalowa pa njanji kuti ajambule bwino, mpaka sitimayo idaimitsidwa pafupi ndi St Neots ndipo sitima zina zidachedwa. Khalidwe lotere likhoza kuchititsa eni njanji kutseka khomo kwa injini zonse za malasha, osalakwa n'kuvutikira limodzi. Mpikisano wabwino uli ndi malire, monga mmene wa Bullets ndi Wanderers umakomera pamene ochemerera akunyozana ndi pakamwa, osati ndi miyala.

Pomaliza, ndikuti asiyeni akangane. Wa Great Western apitirize kunena za City of Truro, wa LNER ayankhe ndi Mallard, wa ku Germany akumbutse za mtsetse wa Stoke. Malinga akutsutsana ndi umboni, akulemekeza malamulo a njanji ndipo akuphunzitsa achinyamata, mkangano wawo ukugwira ntchito imene nyumba yosungiramo zinthu zakale payokha singaithe. Tsiku limene adzagwirizane kuti zilibe kanthu kuti yapambana ndi iti, sipadzapezekanso wodzuka m'bandakucha kukakoleza moto m'ng'anjo. Ifenso amene tikuphunzira zinenero zathu titolepo phunziro: tisamaope anthu akamakangana za kalembedwe kapena katchulidwe ka mawu, tiziopa akasiya.