Za ma spacer: werengani nati yazungulira kangati

Magaye, nkhani ya ma spacer ija sinathe, chifukwa dzulo padoko munandinyoza kuti wa maboti asamalankhule za magalimoto. Chabwino, ine ndimakonza Yamaha Enduro, sindikukana. Koma nati ndi nati, kaya ili pa propela kaya pa tayala. Kunyanja nati ya propela sitiyisiya yopanda pini, chifukwa ikamasuka pakati pa madzi mwera ukuwomba palibe woti umuimbire. Ndiye inu a kumtunda mukuseweretsa bwanji nati yonyamula galimoto yodzadza usipa ndi anthu?

Funso linali loti ukaika spacer, kodi ma stud, mabawuti otuluka pa habu aja, akufunika kusintha kuika aatali? Ena mumati ayi, nati ikangogwira basi. Bodza limenelo, ndipo ndi bodza lopha.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Ma Toyota amene adzadza kuno, Probox, Sienta, Vitz, ma stud ake ndi M12 x 1.5. Ndiye kuti kunenepa kwake ndi 12mm, ndipo nati ikazungulira kamodzi imalowa 1.5mm. Lamulo la amakaniko ndi loti nati igwire mazinga osachepera kunenepa kwa stud. Gawani 12 ndi 1.5, mupeza 8. Nati izungulire ka 8 kathunthu isanalimbe. Ma Nissan mazinga ake ndi a 1.25, choncho kumeneko ndi pafupifupi ka 10. Awa si masamu a ku yunivesite, ine wa Fomu 4 ndawakwanitsa.

Tsopano spacer yongolowetsa ija, yokhala ngati mbale yoboola, imadya utali wa stud. Ya 5mm yadya kale kuzungulira katatu. Ya 10mm yadya pafupifupi ka 7. Ngati nati yanu inkazungulira ka 10, yatsala ka 3 basi. Sipanala imva kulimba, inde, chifukwa mazinga atatu nawonso amalimba galimoto itaima. Kalowetseni m'maenje a M5 muone. Mazingawo amasosoka, nati imasewera, rimu imayamba kumenya stud mpaka kuthyoka imodziimodzi.

Ndikulankhula zimene ndinaona. Mwana wa amalume anga anaika za 10mm kumbuyo kwa Probox kuti ikhale yotakasuka, akuti izioneka bho. Amene anamuikira anamuuza kuti ma stud omwewo akwana. Patatha masabata awiri, atanyamula matumba a usipa ndi amayi atatu a geni, tayala lakumanzere linamupitirira n'kukalowa m'munda mwa eni. Mwayi anali atachepetsa liwiro pa mlatho. Ndinapita ndi jeke kukamuthandiza: ma stud awiri othyoka, awiri osalala ngati msomali. Mayi mmodzi anangokhala pansi m'mbali mwa msewu, osalankhula, manja akunjenjemera. Zikanachitikira ku Khwekhwerere potsika ku Golomoti, bwenzi tikunena za maliro.

Wina ati, nanga bwanji ine ndinaika za 25mm osasintha kanthu? Imeneyo ndi mtundu wina, aise. Imamangidwa pa habu ndi manati ake, ndipo imabwera ndi ma stud akeake omangirapo tayala. Pamenepo aatali sakufunika, vuto limatembenuka. Ngati stud yakale yatulukira kupitirira spacer, imagunda kumsana kwa rimu, rimuyo osakhala pansi bwinobwino, pokhapokha ikhale ndi timaenje kumbuyo. Mumanga, muona ngati zatheka, chonsecho tayala lakhalira nsonga za mabawuti. Komanso manati achuluka kawiri, ndipo amkatiwo simuwaona mpaka mutachotsa tayala. Ndani wa inu amachotsa tayala kukaona?

Za kuika ma washer m'malo mwa spacer, kapena spacer yodulidwa pa chitsulo cha geti ndi wowotcherera, sinditaya nazo data. Spacer yeniyeni bowo lake lapakati limakwana ndendende pa habu, pa Probox ndi 54.1mm. Ikakhala yokhwepa, chiwongolero chimanjenjemera mukathamanga, inu n'kumanamizira matayala.

Ma spacer sindikudana nawo, ngakhale amalemetsa ma bearing chifukwa tayala latuluka panja. Chikundipweteka n'choti munthu amapeza ndalama ya marimu ndi ma spacer, koma ya ma stud aatali akuti yavuta. Pamene galimotoyo imakweza azimayi athu ndi ana a sukulu amene sanafunsidwe ngati akufuna izioneka bho.

Amene mwaika kale, mawa musanaike pasenja chitani ichi. Masulani nati imodzi, muibwezere ndi dzanja mukuwerenga. Ikalimba isanafike ka 8, chotsani spacer kapena gulani ma stud aatali, osati mawa lake, tsiku lomwelo. Pomanga, Toyota zazing'onozi zimafuna 103 Nm, osati kudumphira pa sipanala ndi paipi mpaka stud kutamuka. Mukayenda makilomita 50 kapena 100, bwerezaninso kumanga.

Amene akutsutsabe abwere nayo galimoto padoko Loweruka, ndimakhala pansi pa mtengo wa mango paja. Tidzawerengera limodzi pamaso pa anthu, jeke ndi wanga.