Kuseka n'kwabwino, koma wosekedwayo ndani?

Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 mpaka m'ma 1970, dziko la Italy lidatchuka ndi mafilimu a nthabwala otchedwa commedia all'italiana. Mafilimuwa ankaseketsa anthu pa nkhani zowawa monga umphawi, ulova ndi malamulo opondereza amayi. Adadzudzula zoipa zambiri mopanda mantha. Komabe anthu akumidzi, amayi ndi alendo amene ankaonetsedwamo kawirikawiri sankadzilankhulira okha.

Filimu ya Mario Monicelli ya 1958, I soliti ignoti, ndi ya mbava zosadziwa kuba zimene zidaboola khoma lolakwika n'kupeza mphika wa chakudya m'malo mwa chuma. Imodzi mwa mbavazo ndi mwamuna wa ku Sicily, chilumba cha kumwera kwa Italy, amene amatsekera mlongo wake m'nyumba kuti amuna asamuone. Tiberio Murgia, yemwe adasewera mbaliyi, kwawo kudali ku chilumba china, Sardinia. Mawu ake adawachotsa n'kuikapo a munthu wina wotsanzira kalankhulidwe ka ku Sicily. Claudia Cardinale, amene adasewera mlongoyo, nayenso adamulankhulira wina. Kuchokera apo, Murgia adakhala zaka zambiri akupatsidwa mbali yomweyo ya mwamuna wansanje wa ku Sicily, mpaka owonera adazolowera kuti anthu a kumeneko ndi otero basi.

Mu 1961, Pietro Germi, wobadwira ku Genoa kumpoto kwa dzikolo, adatulutsa Divorzio all'italiana, imenenso nkhani yake ikuchitikira ku Sicily. Nthawi imeneyo lamulo silinkalola kusudzulana, koma mwamuna wopha mkazi wake atamugwira chigololo ankangolamulidwa kukhala m'ndende zaka 3 mpaka 7. Choncho mwamuna wa m'filimuyi, Marcello Mastroianni, akufunira yekha mkazi wake chibwenzi kuti apeze chifukwa chomuphera. Filimuyi idaonetsa poyera kupusa kwa lamulolo. Kusudzulana kudaloledwa mu 1970, ndipo chilango chopepuka chija chidathetsedwa mu 1981. Koma mkazi wophedwayo adamuonetsa ngati wotopetsa, wamasharubu, ndipo nkhani yonse ikufotokozedwa ndi womupha. Wowonera amaseka lamulo, koma amasekanso wophedwayo.

Anthu a ku Africa zidawachitikira mofananamo. Mu 1968, Ettore Scola adatulutsa filimu imene adajambula ku Angola, dzikolo likulamulidwabe ndi Portugal. Alberto Sordi ndi munthu wachuma wa ku Rome amene akufunafuna mlamu wake wosowa, ndipo akumupeza atasanduka sing'anga wa mudzi wina. Filimuyi imaseka kudzikuza kwa azungu, koma eni dziko ali kumbuyo ngati mitengo ndi mitsinje. Nkhani ndi ya alendo awiriwo.

Akuluakulu adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mu Pane e cioccolata ya Franco Brusati, ya 1974, wonyozedwa ndi munthu wa ku Italy mwini. Nino Manfredi akusewera woperekera zakudya wosamukira ku Switzerland, amene akusintha mtundu wa tsitsi lake kuti afanane ndi eni dziko. Akudziulula yekha m'bala pamene timu ya Italy yagoletsa chigoli, iye n'kulephera kudzigwira. Apa kuseka kukufika pamtima chifukwa olemba ndi osewera ankadziwa ululuwo: anthu awo ambirimbiri adali paganyu kunja.

Kusiyana kwake kuli pamenepo. Wosekedwa akakhala nawo polemba ndi posewera, nthabwala imaluma wopondereza. Akasowa, imaluma iye mwini, ngakhale cholinga chikhale chabwino. Aliyense wokonza sewero lophunzitsa anthu angayambe wafunsa ngati mlimi, mayi kapena mlendo wa m'seweromo angadzizindikire atakhala pakati pa owonera.