Ana a kwa Lundu Akuona Lamba, Sakuona Sukulu

Patchuthi ndinapeza anyamata kwathu kwa Lundu, ku Chikwawa, akuponyerana zibakera ndi mateche pamchenga. Ankatsanzira ndewu za UFC zomwe amaonera m'nyumba za vidiyo ku Nchalo, ndipo aliyense ankafuna kukhala Kamaru Usman.

Ndi angati mwa iwo akudziwa kuti Usman, yemwe anabadwira ku Nigeria, anayambira kusukulu? Mu 2010 anali katswiri wa masewera ogwetsana m'gawo lachiwiri la makoleji a ku America, akuphunzira pa University of Nebraska at Kearney. Lamba wa UFC anadzamupata mu 2019. Daniel Cormier naye anadzera ku Oklahoma State. Ambiri amalowera ku UFC chifukwa masewera ogwetsana sadyetsa munthu akamaliza koleji.

Komatu awa ndi masewera osiyana. Ku koleji umapambana pogoneka mnzako chagada kapena pomuposa mapointi, ndipo kumenya n'koletsedwa. Ku UFC zigongono ndi mateche a m'mutu n'zololedwa. Usman yemweyo anakomoka mu 2022 Leon Edwards atamumenya theche m'mutu. Iye madokotala anali naye pafupi. Nanga mwana wa kwa Lundu akakomoka pamchenga paja, amuthandiza ndani?

Mumpingo mwathu timaphunzitsa kuti thupi ndi kachisi wa Mulungu. Thupi la mnzathu nalonso ndi kachisi, choncho sindingavomereze kulivulaza pofuna ndalama. Komabe kungowakalipira anawa sikungathandize, akamenyana kuseri. Ife amene tikukonzekera uphunzitsi tiwapatse masewera ogwetsana otsata malamulo pabwalo la sukulu, mphunzitsi ali pomwepo. Wofuna kulowa nawo akhale wosajomba m'kalasi.