Khoswe wakhala pa mkhate, ndiye tiswe mkhatewo?

Pali mawu amene afala masiku ano m'misika, m'machapa ndi pa mafoni amene amatipeza pa wailesi. Munthu akamva za kuba kwa akuluakulu a asilikali, kapena akabwezedwa kacitatu pa ofesi cifukwa ca cidindo cimodzi, amapukusa mutu n'kunena kuti, "Za boma zonse n'zowola, bola angopereka zonse kwa makampani." Mkwiyowo ndi woona, ndipo inenso ndili nawo. Koma mankhwala akuwachulawo ndi akupha, ndipo oyamba kufa nawo tidzakhala ife a kuno ku Chifunde, amene tili kutali ndi Maputo, kutali ngakhale ndi mzinda wa Tete. Akulu adati khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Ankatanthauza kuti mpini umene ukufuna kukanthira khosweyo uphwanyanso mkhate wa madzi a banja lonse.

Tiyambe ndi khosweyo, pakuti alipodi, ndipo ndi wonenepa.

Caka ciliconse mu Janeiro ndi Fevereiro, mnyamata ndi mtsikana aliyense amene akukwanitsa zaka 18 amayenera kukalembetsa ku recenseamento militar. Kumapeto kwa 2023 aphungu a Assembleia da República adakweza nthawi ya usilikali wokakamiza kucoka pa zaka 2 kufika pa zaka 5. Boma likafuna mwana wathu silisocera, njira ya ku Mualadzi ndi ya ku Nsadzu limaidziwa bwino. Koma mwana yemweyo akabwerako wolumala, kapena akapanda kubwerako, amene amayenda ndi amayi ake. Requerimento, fotokopi ya BI, kalata ya amfumu, zithunzi, cidindo. Lero chefe kulibe. Mawa mapepala adapita ku Tete. Mwezi wamawa akudikira yankho la ku Maputo. Ulendo uliwonse ndi nkhuku yogulitsidwa, kapena thumba la cimanga locotsedwa m'nkhokwe. Pamapeto pake wina amawanong'oneza amayiwo kuti pepala limayenda msanga likamwa "refresco".

Musaganize kuti kucedwako ndi ulesi cabe. Kucedwa ndiko malonda ake. Amene wakuika pa mzere wautali ndi yemweyo adzakugulitsa njira yacidule. Cidindo ciliconse coonjezera ndi khomo lina loimirirapo munthu wotambasula dzanja.

Zimenezi ndi zazing'ono tikayerekeza ndi za kumwamba. Mu 2022 nyuzipepala ya Carta de Moçambique idalemba kuti m'mabuku a malipiro a FADM mudapezeka asilikali a mizukwa okwana 7,000, maina olandira ndalama mwezi ndi mwezi popanda munthu wonyamula mfuti. Mzukwa sudya nsima, suvala nsapato. Ndalama zake adadya munthu wamoyo, wa nyenyezi pa phewa kapena wa colembera pa tebulo. Ndipo pa tsiku la nkhondo, pamalo pamene buku likuti pali asilikali khumi pamaima anyamata ocepa, n'kufa m'malo mwa mizukwa.

Nanga ngongole zobisika? Mu 2013 ndi 2014 makampani atatu omangidwa pansi pa mthunzi wa citetezo ca dziko, ProIndicus, EMATUM ndi MAM, adakongola ndalama zopitirira madola 2 biliyoni ku mabanki a Credit Suisse ndi VTB. Adati ndi za kulondera nyanja ndi kupha nsomba. Nduna ya zacuma ya nthawi imeneyo, Manuel Chang, idasaina kuti boma lidzabweza, aphungu osafunsidwa. Zitaululika mu 2016, IMF ndi maiko amene ankathandiza bajeti yathu adatseka mpopi, ndipo metikali idagwa mpaka dola imodzi kupitirira mametikali 70. Tonse tikukumbukira mmene mtengo wa sopo, mcere ndi feteleza udadumphira caka cimeneco. Ofufuza a Kroll mu 2017 adalephera kupeza kumene kudapita madola 500 miliyoni. Maboti a nsomba aja adacita dzimbiri pa doko la Maputo.

Pa 5 Outubro 2017 mfuti zidalira ku Mocímboa da Praia. Dziko limene lidakongola mabiliyoni m'dzina la kuteteza gombe lidataya doko la Mocímboa mu Agosto 2020, ndipo Palma idaukiridwa pa 24 Março 2021. Ndani angatsutse kuti khoswe alipo?

Tsopano ndikufunsani inu amene mukuti tipereke zonse kwa makampani: m'nkhani yonseyi, makampani adali kuti? Adali pa mphasa pomwepo, akudya nawo. Amene adagulitsa mabotiwo ndi Privinvest, kampani ya anthu wamba ya ku Abu Dhabi. Amene adakonza ngongolezo ndi mabanki a malonda akunja, ndipo anchito atatu a Credit Suisse adavomera mlandu m'khoti la ku New York mu 2019. Mu 2021 banki yomweyo idalipira cindapusa ca pafupifupi madola 475 miliyoni ku America ndi ku Britain. Ciphuphu cili ndi manja awiri, lolandira ndi lopereka. Ife timakonda kutukwana lolandiralo cifukwa timalidziwa nkhope, koma loperekalo limavala suti n'kukwera ndege.

Ngakhale nkhondo yeniyeniyo tidayesa kuigulitsa. Kumapeto kwa 2019 ku Cabo Delgado kudabwera aganyu a Wagner a ku Russia, ndipo sadakhalitse. Mu 2020 kudabwera a Dyck Advisory Group a ku South Africa ndi mahelikopita awo, ndipo Mocímboa idagwa iwo ali komweko. Amene adailandanso mu Agosto 2021, pamodzi ndi anyamata athu, adali asilikali a Rwanda, gulu la nkhondo la boma, lolipidwa ndi kulamulidwa ndi boma. Waganyu amawerengera masiku a kontarakiti. Nkhondo ikatalika iye amapindula, ikavuta amanyamula cikwama.

Sitifunikanso kupita ku Cabo Delgado kuti tiphunzire zimenezi. Kuno kwathu timalima fodya, ndipo mlimi aliyense akudziwa kuti m'dera lake wogula ndi mmodzi. Mu 2010 bungwe la boma la America loyang'anira makampani, SEC, lidaimba mlandu Universal Corporation, mwini wake wa Mozambique Leaf Tobacco, kuti pakati pa 2004 ndi 2007 nthambi zake zidapereka pafupifupi madola 165,000 kwa akuluakulu a boma m'Mozambique, mwa zina pofuna ufulu wogula yokha fodya wa alimi. Dzina la Chifunde lili m'mapepala a mlanduwo. Kampaniyo idalipira ndalama kuti mlandu utsekedwe. Amene adaimba mlanduwu ndi ofesi ya boma, ngakhale kuti ndi boma la kutsidya kwa nyanja. 

Acikulire akukumbukiranso zimene zidatsatira PRE wa 1987, pamene katundu wa boma adayamba kugulitsidwa. Mabanki awiri a boma, BCM ndi BPD, atagulitsidwa adasanduka nkhokwe zopanda citseko, ndipo boma lomwelo ndilo lidatseka mabowo ndi ndalama za anthu. Mtolankhani Carlos Cardoso, amene ankalondola kuba kwa ku BCM, adaphedwa pa 22 Novembro 2000. António Siba-Siba Macuácua, amene adatumidwa kukakonza Banco Austral, adaphedwa pa 11 Agosto 2001. Kugulitsa sikudathamangitse khoswe. Kudangomupatsa mkhate wakewake woti akhalepo popanda womufunsa.

Tsono tiyang'ane mkhate umene tikufuna kuswawo, tione muli ciani. Pa 24 Julho 1975, mwezi umodzi dziko litalandira ufulu, boma la Samora Machel lidatenga zipatala ndi masukulu kukhala za anthu onse. Zambiri za nthawi imeneyo tingakangane nazo mpaka dzuwa kulowa, koma ici cokha cidasintha moyo wa munthu wakumudzi. Pa cipatala ca boma munthu amaonedwa ndi metikali imodzi, n'kutenga mankhwala ndi mametikali 5. Katemera wa ana ndi waulere. Ma ARV ndi aulere, mankhwala a TB ndi aulere. Mayi woyembekezera amapita ku sikelo osalipira. Lamulo la maphunziro la 2018 likuti mwana aphunzire kwaulere mpaka kalasi 9. Nkhalamba yopanda woisamala ili ndi kandalama ka INAS, kocepa komanso kocedwa, koma kalipo. Ndipo kuyambira pa 27 Novembro 2007 damu la Cahora Bassa, m'cigawo cathu comwe cino ca Tete, lili m'manja mwa dziko.

Ndiuzeni, ndi kampani iti idzakweza namwino pa njinga yamoto m'nyengo ya dzinja, kuoloka mitsinje yodzaza, kukabaya katemera ana makumi awiri a m'mudzi wa m'malire amene makolo awo alibe ngakhale kobiri? Wamalonda si woipa mtima, koma amatsata phindu monga mbuzi itsata msipu. Kliniki yolipira imamera pamene pali malipiro a mwezi, mumzinda wa Tete ndi ku Moatize. Kuno kwathu anthu ndi omwazikana, misewu ndi yoipa, ndalama imaoneka kamodzi pa caka fodya akagulidwa. Boma likacoka kuno palibe amene adzalowe m'malo mwake. Padzangotsala sing'anga, wogulitsa mapiritsi pa msika, ndi ulendo wa ku Zambia kudzera pa Cassacatiza kwa amene ali ndi ya transipoti.

Wina anena kuti ndikutamanda cipatala cimene nthawi zambiri cilibe mankhwala, kumene anamwino ena amakalipira odwala ndipo mapiritsi ena amatulukira pa zenera n'kukapezeka pa msika. Zoonadi zimacitika, ndipo n'zonyansa. Koma taonani kusiyana kwake. Mankhwala akasowa, mudzi wonse umadziwa tsiku lomwelo. Mphunzitsi akajomba sabata yathunthu, ana amanena kunyumba, ndipo conselho de escola ingamuitane. Pali komiti ya zaumoyo, pali amfumu, pali wailesi imene mayi aliyense angaimbireko foni n'kudandaula anthu onse akumva. Cipatala ndi sukulu zili pa bwalo, ndiye wakuba wake amaba pang'ono, akuyang'ana uku ndi uku. Boma litawerenga anchito ake mmodzimmodzi pa prova de vida, lidalengeza mu 2018 kuti lapeza maina a mizukwa pafupifupi 30,000. Cidawatulutsa ndi kuwerenga.

Usilikali ndiwo mbali ya boma imene idamangidwa mpanda wopanda poonera, ndipo pa citseko padalembedwa "segredo do Estado". Ngongole zija zidabisidwa ndi mawu amenewa. Mu 2020 nyuzipepala ya Canal de Moçambique itasindikiza pangano la pakati pa maunduna a citetezo ndi makampani a gasi, mkonzi wake adaimbidwa mlandu woulula cinsinsi ca boma, ndipo mu Agosto caka comweco ofesi ya nyuzipepalayo idatenthedwa. Apa ndi pamene pagona nkhani. Usilikali udawola kuposa cipatala cifukwa uli mumdima, osati cifukwa ndi wa boma. Onse awiri ndi a boma.

Cinsinsi ceniceni cilipo, ndipo palibe wanzeru amene angafunse kuti asilikali agona kuti usiku uno kapena alowera njira iti mawa. Koma mtengo wa thumba la nyemba zopita ku kampu ndi cinsinsi kwa yani? Mtengo wa nsapato, wa mafuta a galimoto, dzina la kampani imene idapatsidwa nchito yophikira asilikali, ciwerengero ca anthu olandira malipiro, zimenezi mdani sapindula nazo. Wopindula ndi kubisako ndi wakuba yekha, ndipo woluza woyamba ndi msilikali wamba, mwana wa mlimi, amene amagona ndi njala pamene cakudya cake cidasainidwa kale kuti cidafika.

Zida zounikira tili nazo kale, ndipo n'za boma. Nzika zitasonkhanitsa masaini, Conselho Constitucional idagamula mu 2019 ndi 2020 kuti zitsimikizo za ngongole zija n'zopanda mphamvu. Mlandu wa anthu 19 udazengedwa pa kanema dziko lonse likuona, ndipo mu Dezembro 2022 anthu 11 adapezeka olakwa, pakati pawo Gregório Leão amene adali mkulu wa SISE ndi Ndambi Guebuza, mwana wa pulezidenti wakale, aliyense zaka 12. Sizidakwane, ambiri akuyendabe momasuka, koma zidaonetsa kuti citseko cimatseguka cikakankhidwa. Tili ndi lamulo lokakamiza akuluakulu kulengeza cuma cao, ndi lamulo la 2014 lopatsa nzika ufulu wofunsa boma n'kuyankhidwa.

Conco zopempha zanga n'zomveka. Asilikali awerengedwe ndi cala caka ciliconse monga amawerengedwera aphunzitsi ndi anamwino. Tribunal Administrativo ilowe m'mabuku a zogula za asilikali, ndipo zimene yapeza ziwerengedwe pamaso pa aphungu. Pa khomo la ofesi iliyonse yoona za recenseamento ndi za penshoni ya ankhondo pakhomedwe pepala, m'Cipwitikizi ndi m'Cinyanja, lonena mapepala ofunika, masiku odikira, ndi kuti zonsezo n'zaulere ngati zilidi zaulere. Mayi wamasiye wa msilikali amalize nkhani yake pa boma la distrito, pepala ndilo liyende kupita ku Tete, iye atsale akulima.

Ndipo ife eni ake, aphungu a cigawo ca Tete akabwera kudzapempha voti, tisawafunse za kapu ndi citenje. Tiwafunse kuti adaonapo buku la malipiro a asilikali, ndipo ngati sadalione, adalipempha liti. Pa msonkhano wa conselho consultivo, pa komiti ya cipatala, pa foni ya wailesi, tichule vuto ndi tsiku lake ndi malo ake. Mbewa yamanyazi idafera kuuna. Mwana amene akalembetse mu Janeiro akubwerayu ndi wathu, ndipo ndalama ya nsima yake ku kampu ndi msonkho wathu, umene timalipira pa sopo ndi pa mafuta aliwonse amene tagula. Tili ndi ufulu wodziwa ngati nsimayo ikumufika pakamwa.